Lipenga Lobweza Akavalo

Panali munthu wina, kale mfuti zisanachuluke, amene ankatsogolera asilikali okwera pa akavalo. Atsogoleri anzake ankaphunzitsa akavalo awo kuthamangira adani osaopa ng'oma kapena mikondo. Iyenso ankatero, koma ankawonjezera china chotopetsa: kavalo ali pa liwiro, lipenga likalira aime, atembenuke, abwerere pamzere. Asilikali ankanyinyirika. Wina anafunsa kuti, "Bwana, kodi tikukonzekera nkhondo kapena gule?" Iye anangoti, "Bwerezani."

Tsiku la nkhondo, asilikali oyenda pansi anaima pakati, akavalo gulu lina kumanja, lina kumanzere. Mwa oyenda pansiwo munali mng'ono wake, atagwira mkondo.

Gulu la mtsogoleri uja, lomwe linali kumanja, linayamba pang'onopang'ono, bondo kukhudza bondo la mnzake, liwiro n'kulisungira kumapeto. Akavalo a adani sanalimbe, anabalalika. Tsono kavalo wothamanga pakati pa anzake safuna kuima, ndipo mtima wa womukwera umaposa pamenepo. Kutsogolo kunali misana ya othawa ndi ngolo zawo zodzaza katundu. Gulu la kumanzere nalonso linali litapambana, ndipo linali kale patali, likupirikitsa adani.

Munthu uja anacheuka. Kumbuyo kunali fumbi lokhalokha. Sanadziwe ngati oyenda pansi akulimba kapena akutha. Anangodziwa kuti atsala okha.

Wachiwiri wake anati, "Atheratu awa, bwana. Tiwasiye bwanji?"

"Wothawa sapha munthu lero," anayankha. "Lizani lipenga."

Si onse amene anamvera. Ena anapitirira, maso ali pa ngolo. Koma ambiri anatembenuka, akavalo ali wefuwefu, nayalanso mzere. Atalowa m'fumbi muja anapeza anzawo atapanikizidwa m'mphepete mwa mtsinje, ena madzi ali m'mawondo. Anawadzera adani kumbuyo, nkhondo n'kuthera pomwepo. Mtsogoleri uja anapeza mng'ono wake atakhala pamchenga, magazi ali paphewa, akupempha madzi akumwa.

Gulu la kumanzere lija linafika dzuwa litapendeka, likuimba, likukoka ngolo. Linafunsa kuti kuno zayenda bwanji.

Olemba mbiri ya nkhondo zakale amasimba za akavalo amene anapambana mbali yawo, koma pobwerera n'kupeza nkhondo yonse italuzika. Sizinachitike kamodzi kokha.

Inu amene mukumva izi, mwina kavalo simudzamukwera. Koma tsiku lina mudzapambana mkangano, kaya pabanja, kumpingo kapena pa malire a munda. Mnzanuyo adzagonja, ndipo inu mudzafunabe kumupirikitsa mpaka atheretu. Pamenepo imani. Cheukani, muone amene mwawasiya okha m'fumbi pofuna kupambanako: ana, akazi anu kapena amuna anu, mbale wanu. Mukabwerera msanga, kawirikawiri mumawapeza akadali chilili, akukudikirani.