Mkono Wowawa pa Mjigo

Panali mayi wina pamudzi wina. Dzina sinditchula, amayi anzanga, koma anali wapampando wa amayi kumpingo, wa duku loyera mbee, mawu ngati belu.

Kusukulu kutabwera uthenga woti atsikana abayidwa katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, mayiyu anayenda khomo ndi khomo. "Jakisoni ameneyo amaumitsa chiberekero," ankatero. "Wobayitsa mwana aiwale za adzukulu." Tsikulo litafika, amayi anabisa ana awo kudimba.

Koma panali Nankhoma, wogulitsa zitumbuwa, amene mkulu wake anafa ndi khansa yomweyo. Iye anasambitsa mwana wake Mwandida, namgwira dzanja, nadutsa naye dala pakhomo pa wapampando.

"Mukukapha mbumba, Nankhoma!" wapampando anakuwa.

"Mbumba ndinaika kale m'manda, amayi," anayankha osaima. "Miyezi isanu ndi itatu ndinachapa nsalu zamagazi za achemwali anga. Inu munangobwera kudzaimba pamaliro."

Mwandida anabayidwa. Tsiku lonselo palibe anampatsa moni Nankhoma.

M'mawa mwake pa mjigo, mtsikana wina ankasenzetsa ndowa mwana wa wapampando, ndipo mwangozi anamgunda pamkono. Ndowa pansi khuu!

"Mayo ine, pajakisoni!"

"Jakisoni wanji, iwe?" anafunsa amayi amene ankatunga madzi.

Mwana sasunga chinsinsi akamva kuwawa. "Amayi anandibayitsa dzana kuchipatala cha kuboma. Anati ndisauze munthu."

Amayiwo anayang'anana. Wapampando anateteza wake, a anzake nkuwasiya kudimba! Apo nkuti azaumoyo atachoka kale kusukulu. Amayi aja anatula ndowa zawo, natenga ana, ulendo wapansi mpaka kuboma. Patsogolo pawo panali Nankhoma, zitumbuwa pamutu, akuwagulitsa m'njira.

Tsono inu, azaumoyo akubwera kusukulu kwathu kuno. Muli ndi funso, kafunseni iwo, osati wofuula pamsewu amene simudziwa zomwe amachita kuseri. Miseche ine ndimaikonda, mukundidziwa, koma moyo wa mwana sindiupereka kwa miseche. Chitsirizira wanga ndikambayitsa dzuwa likuswa mtengo. Wofuna kundinena abwere kwathu, ndimuyalira mphasa.