Mkono wa Yotamu

Aphunzitsi anu akamakuuzani kuti miyambi yonse inapekedwa ndi makolo akalekale, inu muzingovomera kuti mukhoze mayeso. Koma ulipo mwambi umodzi umene unabadwa ine Jailosi ndili pomwepo, maso ali tong'o. Sukulu sindinapondeko, koma zimene ndaona ine mutati muzilembe, mapepala a dziko lino akhoza kutha musanafike n'komwe pa ukwati wanga woyamba. Lero tikambe za mwambi umodziwo basi.

Kwathu kwa Msakatiza kunabwerera munthu wina, a Kwilasi Mbendera, amene anakhalitsa kumigodi ya ku Zambia. Anzawo pobwera kumudzi ankanyamula wailesi ndi njinga. Iwo anabwera ndi chikwama cha timipira ndi masewera ena amene ankawatcha besibo. Ife lilime linakana, tinangoti mpira wachibonga.

Kampira kake n'kolimba ngati dzaye. Mmodzi amaima pakati pa bwalo n'kuponya, wina amadikira ndi chibonga kuti akamenye. Akaphonya katatu, watuluka. Akakamenya, amathamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo, ndipo akabwerera pomwe anayambira, chimenecho ndiye chigoli. Mukuona nokha kuti mwini masewerawa ndi woponya. Woponya akakhala katswiri, anzake akhoza kumakazinga chimanga pabwalo pomwepo, timu n'kupambanabe.

A Mbendera anasonkhanitsa anyamata, nayamba kuwaphunzitsa, ndipo tonse tinkawatchula kuti akochi. Zibonga ndinkasema ndine, zibonga zoti mpaka lero chiswe chikaziona chimalambalala. Pa masewera oyeserera ndinkanyonyomala kumbuyo kwa womenya n'kumawakha mpira. Sukulu ndi mafamu oyandikana nafe atatengera masewerawa, kunayamba mipikisano.

Oponya athu analipo angapo, koma oti n'kuwatchula ndi awiri. Wina anali Gelesomu, mnyamata wojintcha, woponya mwapakatikati. Winayo anali Yotamu, mwana wa mayi Nangozo. Yotamu anali kamnyamata kowonda ngati bango, ndevu zisanaganize n'komwe zomera. Koma mkono wake wamanja, ana inu! Akaponya, mpira unkafika m'manja mwanga, kenako mluzu wake n'kumabwera pambuyo. Tsiku lina ndinauphonya dala kuti ndione. Unaboola thunthu la papaya, n'kukagunda tambala wa eni ake, ndipo tambalayo pofika pansi anali atasosoka kale nthenga. Chikhatho changachi chinakhwima ndi mipira ya Yotamu, n'chifukwa chake ndimatola khala lamoto ngati ndikutola mtedza.

A Mbendera ankamukonda mwanayo kuposa ana awo obereka. Sanali munthu wankhanza, ayi. Ankamugulira mandasi, ankamukweza panjinga. Koma chikondi chawocho chinali chakuti mpikisano uliwonse aponye Yotamu, kuyambira womenya woyamba mpaka womaliza. Masiku opanda mpikisano, aponyenso Yotamu mpaka dzuwa kulowa, ati mkono usaiwale. Gelesomu anakhalira benchi mpaka kabudula wake anabooka kumbuyo.

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali mayi ake. Tsiku lina kunyumba kwawo kunafika mlendo wachikulire, napatsa Yotamu nzimbe. Mwanayo analandira ndi dzanja lamanzere. Mayi Nangozo anachita manyazi, ndipo mlendo atapita anamukalipira kuti mpirawo wamuchotsa ulemu. Yotamu anangowerama. Atamuuza kuti atambasule mkono wamanja, unakana kuwongoka. Chigongono chinali chitatupa, chikutentha ngati mbatata yootcha.

M'mawa mwake mayiwo anabwera kubwalo atamugwira mwana wawo paphewa. Anapereka moni mwaulemu, kenako anapempha kuti mwanayo apumeko kaye. A Mbendera anachigwiragwira chigongonocho, naseka pang'ono.

"Mayi, inu ndinu mlimi," anatero. "Tsiku loyamba la khasu thupi lonse limaphwanya. Kodi mumagona mwezi wathunthu? Mumabwerera kumunda m'mawa mwake, pakutha pa sabata ululu wathawa wokha. Mankhwala a khasu ndi khasu lomwelo. Mkononso ndi chimodzimodzi."

Anthu amene analipo anagwedeza mitu, chifukwa ndani kwathu kuno sadziwa kuphwanya kwa khasu? Mutu umene unakana kugwedezeka unali wanga wokha. Mayi Nangozo anafunsa mwana wawo ngati akumva kuwawa kwambiri, ndipo iye anati ayi, n'zazing'ono. Mwana akamva atsikana akuimba dzina lake pabwalo, ngakhale mutamudula mwendo adzati wangopunthwa. Mayiwo anabwerera okha kunyumba.

Chotupa chija sichinathawe. Chinakula mpaka chigongono chinafanana ndi dzungu. Apa anthu anayamba kunong'onezana kuti si matenda wamba, ndi anyamata a kwa Chadzunda, adani athu pa masewerawa, amene akwirira kanthu pamalo poimapo woponya. Anakumba pamalopo napeza chigaza cha mbewa, ngati kuti m'dziko muno muli malo amene mbewa sinafereko. Yotamu anamutema mphini kuzungulira chigongono, namuthowa ndi madzi otentha. Zonse anachita, kupatula chimodzi chokha: kumuuza kuti akhale pansi.

Kenako kunabwera mpikisano waukulu wa kuboma, woyamba Lachisanu n'kutha Lamulungu. Kunamveka kuti kubwera akuluakulu ochokera mumzinda kudzasankha anyamata aluso. A Mbendera tulo tinawathawa. Ankati Yotamu akangoonedwa, basi, mwana wa Nangozo adzakwera ndege.

Khamu la anthu limene linasonkhana kumeneko, mukanaponya singano m'mwamba sikanagwa pansi. Lachisanu anaponya Yotamu, tinapambana. Loweruka anaponya Yotamu m'mawa ndi masana, tinapambana. Madzulo ake ndinamuona akulephera kumanga mabatani a malaya, mnzake akumumangira. Lamulungu tinatsala matimu awiri, ife ndi a kwa Chadzunda.

Kochi wa kwa Chadzunda anali ndi chizolowezi chimene a Mbendera ankachiseka. Woponya wake akangoyamba kutuluka thukuta, ankamukhazika pansi n'kulowetsa wina. Masewera asanayambe, mkuluyo anayang'ana mkono wa Yotamu, nafunsa a Mbendera ngati kwa Msakatiza azimayi onse anabereka mwana mmodzi yekhayu.

"Inu sungani mbewa zanu zambirizo," anayankha a Mbendera. "Ine ndili ndi njovu imodzi."

Masewera anayamba, ndipo tinatsogola ndi chigoli chimodzi. Koma chakumapeto kwa masewera, ine amene ndinkaudziwa mpira wa Yotamu ngati mkazi wanga, ndinaona kuti wasiya kuimba mluzu. Mwanayo akaponya, ankakutumula mkono ngati walumidwa ndi nyerere, n'kuubisa kumbuyo. Milomo inali itatuwa. Gelesomu anaimirira pabenchi napempha kuti alowe, koma anauzidwa kuti akhale pansi. Ine ndinawauza akochi kuti mwana uja watha, iwo anati ine ntchito yanga ndi zibonga. Komabe anaimitsa masewera napita pakati pa bwalo, ine ndikuwatsatira ndi botolo la madzi.

"Ukumva bwanji, mwana wanga?"

"Zala ziwiri izi zachita dzanzi, akochi."

A Mbendera anayang'ana kumene kunakhala akuluakulu a mumzinda aja. Anayang'ananso kubenchi kumene kunali Gelesomu. Ndinaona ndi maso angawa kuti mtima wawo ukukokana, ndipo ndinkadikira kuti anene kuti tiye ukapume.

"Atsala omenya atatu okha," anatero motsitsa mawu. "Ukawatulutsa amenewa, ukapuma mwezi wathunthu. Sindidzakupatsa ngakhale mwala woti ugende mbalame."

"Atatu ndiwatha, akochi."

Woyamba anamutulutsadi. Pa wachiwiri, Yotamu anakweza mwendo monga ankachitira, nakoka mkono kumbuyo, naponya ndi mphamvu zake zonse.

Ana inu, anthu amati ine nkhani ndimathira mchere. Apa sindithira kalikonse, chifukwa zimene zinachitikazo sizifuna mchere. Kunamveka kuti thyo, ngati munthu waponda nsungwi youma. Phokosolo silinachokere pa chibonga. Linachokera m'chigongono mwa mwana. Mpira unagwa patsogolo pake pomwepo n'kugudubuzika pang'ono, ndipo mkono unangoti lende ngati si wake.

Atsikana oimba aja anatsala kukamwa kuli yasa. Mnyamata womenya uja anaika chibonga pansi pang'onopang'ono, ngati walakwa ndi iyeyo. Yotamu sanalire. Anayenda kukafika pamene panali mpira, nawerama kuti autole ndi dzanja lomwelo, koma zala zinangoukhudza osaugwira. Anayesanso. Kenako anatembenukira kwa a Mbendera.

"Akochi, ukukana."

Atatero anakhala pansi pafumbi, ndipo mpamene ululu unamupeza. Kulira kwake ndimakumvabe. Ine amene ndinagwirapo ng'ona kumchira n'kuiuza kuti ibwerere kwawo, tsiku limenelo ndinatseka makutu ndi manja. A Mbendera anaima chilili, chipewa chili m'manja. Amene anamunyamula mwanayo kupita naye kugalimoto anali kochi wa kwa Chadzunda, yemwe uja tinkati anyamata ake atikwiririra mankhwala.

Masewera anayenera kumalizidwa, ndiye analowa Gelesomu. Munthu amene wakhalira benchi chaka chonse mungamuyembekeze chiyani? Mpira wake woyamba unakagwera mayi wogulitsa zitumbuwa. Tinagonja. Akuluakulu a mumzinda aja anasankha anyamata awiri a kwa Chadzunda, nakwera galimoto lawo osafunsa n'komwe kuti wovulala uja dzina lake ndani.

Kuchipatala adokotala anafotokoza kuti mafupa a mwana amakhala anthete kumapeto, chifukwa mpomwe amakulira. Anati mtsempha wa m'chigongono unkakoka fupa lantheteli tsiku ndi tsiku, likung'aluka pang'onopang'ono, mpaka tsiku limenelo unabenthula chidutswa. Kuphwanya kwa khasu, anatero, kumakhala m'minofu ndipo kumathadi. Koma ululu wa m'mfundo ya mwana, wobwera ndi chotupa, umatanthauza kuti siyani. Akanapuma milungu ingapo pamene mayi ake anapempha paja, bwenzi ali bwinobwino. Anayesetsa kuulumikiza, koma mkonowo unapola uli wokhota, ndipo sunawongokenso.

Yotamu atatuluka m'chipatala, a Mbendera anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa mayi Nangozo, poti okha ankaopa. Tinawapeza mayiwo akusenda chinangwa pakhonde, mwana wawo atakhala pambali, mkono uli m'chikhakha. A Mbendera anakana mpando, nakhala pansi. Anapepesa nthawi yaitali, misozi ikugwera m'ndevu. Pomaliza anati sanachite zimenezi chifukwa chomuda mwanayo, ankamuponyetsa chifukwa ndiye ankaposa onse.

Mayi Nangozo sanakweze mawu. Sanasiyenso kusenda chinangwa chawo.

"Ndikudziwa, bambo, kuti simunamude. Pagule palibe amene amalimbana ndi ng'oma yogontha. Aliyense manja ake amathamangira yolira bwino ija, wina akatopa wina n'kuilandira, osaipumitsa. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ana a anzanga aja munkati satha kuponya, onse mikono yawo ili bwino. Wanga yekha ndiye ankatha."

Tinanyamuka osatsanzika bwino. Timipira tija a Mbendera anagawira ana a m'mudzi, iwo osapondanso pabwalo.

Mawu a mayiwo ndinawatola ine. Ndinawanena kumsika, ndinawanena kumaliro, ndinawanena m'basi, ndipo pasanathe mwezi ndinakawapeza atandidutsa kale kumalire a dziko, anthu akunena kuti ndi mwambi wa makolo awo. Ndinangowasiya, sindikonda kudzitama.

Tsono tanthauzo lake ndi ili. Chinthu chabwino sichiwonongeka chifukwa chodedwa, chimawonongeka chifukwa chokondedwa mopanda kuchisunga. Ng'ombe yokoka bwino ndi imene imagona ndi zilonda za goli. Mwana womvera ndi amene amatumidwa mpaka miyendo kutupa, waulesi ali gone pamthunzi. Ena amaunena mwambiwu pochenjeza munthu wotchuka kuti asamadzionetsere kwambiri, ndipo salakwa, pakuti Yotamu naye akananena zoona kuti zikuwawa, mwina akanapulumuka. Koma mwana ndi mwana. Ng'oma siidziimba yokha, ndipo mlandu waukulu uli ndi mwini manja.

Mukadzakula n'kupatsidwa ana a eni kuti muwayang'anire, kaya ndi pa mpira, kaya ndi pa ntchito, amene akuposa anzake ndiye muyambe kumupumitsa. Ndipo iwe amene anthu akuimba dzina lako lero, thupi likati ndatopa, usalitsutse chifukwa cha nyimbo. Yotamu alipo mpaka lero, ndi bambo wa ana ake. Kamwana kake kakamuponyera lalanje, amaliwakha ndi chifuwa. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.