Chiliza Chimene Sichinafike Kumanda

Simoni anali munthu woti ukamuuza chinthu, yankho limatuluka iwe usanatseke pakamwa. Anawotcherera zitsulo pafakitale ya nsalu ku Kadoma mpaka kumera imvi, ndipo pankhani ya chitsulo sankamvera munthu, ngakhale m'busa.

Chaka chimenecho banja linagwirizana zokaika chiliza pamanda a bambo awo, pamgodi wakale wa kunjira ya Sanyati. Mwala unali utasemedwa kale ku Chegutu, wakuda, wolemera ngati ng'ombe. Achibale anali atafika, ena kuchokera kunja. Chimene chinkasowetsa anthu tulo ndi mvula. Dothi lakuda la kumeneko likanyowa, teyala limodzi lakumbuyo limangozungulira m'matope, linzake lili duu, galimoto osasuntha.

Mng'ono wake wa Simoni, Thanthwe, anabwera ndi mankhwala a vutolo kuchokera ku Joni: loko ya difu. Difu ndi chibumba cha magiya chimene chili pakati pa mateyala akumbuyo, ndipo ndicho chimalola teyala lakunja kuthamanga kuposa lamkati pokhota. Loko imamanga mateyala awiriwo kuti akoke pamodzi m'matope, ukafika pouma n'kudina batani, n'kuwamasula.

Atatsitsa difu ya pikapu yakale ya Simoni, mwini wake anayang'ana timapaipi ta mpweya ndi kapampu kake, n'kupukusa mutu.

"Tizingwe iti tikaduka pa chitsa choyamba. Bweretsa makina anga, ndingowotcherera magiyawa."

"Mukoma, mukawotcherera ndiye kuti mwatseka mpaka kalekale," anatero Thanthwe kwa mkulu wakeyo. "Nanga pamsewu wa tala? Dombo lija, mwala wa chiliza uja, n'lolemera, shafuti ya teyala ikapotoka. Ndipatseni mawa lokha, ndimaliza kuika."

"Ndikudziwa zonsezo. Ine ndinayamba kugwira chitsulo iwe ukuyamwa."

Mkulu satsutsidwa kawiri pakhomo pake. Loko inabwerera m'bokosi, moto unayaka, magiya anasanduka chibuluma chimodzi. Ntchitoyo inali yooneka bwino ndithu, tisamunamizire.

Loweruka m'mawa anakweza mwala ku Chegutu. Mayi awo, a Enesi, anakana kutsogola ndi achibale ena pa kombi, minibasi yopita kumanda. Anavala yunifolomu yawo ya Mvano n'kukhala kutsogolo kwa pikapu pakati pa ana awo, akuti akuperekeza amuna awo.

Mavuto anayambira pageti la osema miyala pomwe. Pokhota, teyala lamkati linalira, linadumpha, galimoto yonse inanjenjemera.

"Kodi mota yadwala?" anafunsa a Enesi.

"Ikuzolowera, amayi."

Pamsewu wowongoka wopita ku Kadoma zinkaoneka ngati zayenda, moti Simoni anayesa kuimba mluzu.  Koma msewu ukangopindika pang'ono, kumbuyo kunkamveka kugogoda, ndipo khutu limene lakalambira pazitsulo silinamizika. Anali ndi mantha. Thanthwe anali atapotoza khosi, maso pamwala, milomo ikuyenda ngati wopemphera. Simoni akanatha kuima, n'kuitana lole ya munthu wina kuti idzatenge katunduyo. Koma kuima kunali kuvomera pamaso pa mayi ake kuti mwana wamng'ono ananena zoona, ndiye anapondabe mafuta.

Pokhotera msewu wa Sanyati, m'tauni ya Kadoma momwe, kunamveka kuthyoka kumodzi kouma. Teyala lakumbuyo linasolokera kunja pamodzi ndi shafuti yake, pikapu inagwada mbali imodzi, zingwe zinaduka. Mwala unatsetsereka pang'onopang'ono onse akuona, n'kugwera patala. Matope amene ankawaopa aja anali asanawaone n'komwe.

Palibe anavulala. A Enesi anatsika okha osadikira wowagwira dzanja. Chiliza chinali chitagawika pawiri, mng'alu utadutsa pakati penipeni pa dzina. Anagwada pamsewu ndi yunifolomu yawo yoyera, magalimoto akuwalambalala, n'kuyesa kukankha zidutswazo kuti zikumane. Sizinasunthe.

"Bambo anu anayenda wapansi kuchoka ku Dedza mpaka kudzafika kuno, osathyoka ngakhale chala," anatero motsitsa mawu, osayang'ana aliyense. "Lero ndiye mwawathyola pamsewu wosalala."

Kumanda anthu anaimba nyimbo zonse zimene ankazidziwa, anazibwereza, kenaka anabalalika dzuwa litapendeka. Simoni anali akadakhala m'mbali mwa msewu, akulondera galimoto imene anaitseka yekha osaisiyira potsegulira. Akuluakulu sananame pamene anati: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.