Telala Adziikira Yekha Magalasi

Kwa chaka chathunthu, ulusi m'singano ya a Telala ankalowetsa ndi akazi awo. Bambowo ankati vuto ndi masingano a masiku ano, mabowo ake ndi aang'ono. Koma mwana wawo womaliza atapempha kuti diresi lake la ukwati asoke ndi bambo ake, mayi aja anawakokera kokapimitsa maso.

Felemu yatsopano ya magalasi anaikana kwamtuwagalu. Ankafuna yawo yakale yomweyo yapulasitiki, yakuda, yamaso obulungira. Mayi wa m'sitolo ya magalasi anaiyeza, nawauza kuti abwere Lachinayi.

Tsikulo anapeza anthu ali pamzere. Ali chikhalire anaona mayiyo akutenthetsa felemu ya munthu wina pakamakina kouzira mpweya wotentha, kenako n'kukankha galasi ndi chala chachikulu mpaka kulowa.

"Ntchito yake ndi yomweyi?" anatero a Telala. "Tandipatsani angawo, ndikaika ndekha. Kunyumba nsalu ikundidikira."

"Dikirani pang'ono, bambo. Maso anu ndi osiyana. Galasi lililonse lili ndi diso lake komanso kakhalidwe kake."

"Mwana wanga, ine ndayamba kulumikiza manja a jekete iwe usanabadwe."

Anatenga felemu ndi envelopu ya magalasi awo n'kumapita. Kunyumba anayamba ndi kupukuta timadontho ta inki timene tinali pamagalasiwo, akudandaula za uve wa ana a lero. Sanadziwe kuti timadonthoto ndi timene timasonyeza lamanja ndi lamanzere, kumwamba ndi kumunsi. Anaviika felemu m'madzi otentha, magalasi n'kulowa bwinobwino, pakuti chobulungira sichikana mbali.

Atavala, tebulo linapendekeka ndipo khomo linaoneka ngati laledzera.

"Mukuona bwino, bambo a mwana?" anafunsa akazi awo, ataona amuna awo akupapasa sizasi ili pamphuno pawo.

"Mbee! Maso akungozolowera."

Mwamuna ameneyu anali wa mtima wabwino, koma mawu oti "ndalakwa" ankamutsamwa. Anajambula ndi choko, nadula nsalu yoyera ija, nasoka masiku awiri mutu ukuwaza.

Mwana atabwera kudzayesa, anavala diresi lija. Kumanja diresi linkakwekwereza pansi, kumanzere linalekeza m'katumba. Mtsikanayo anadziyang'ana, misozi n'kulengeza.

"Likukhala bwino, eti?" anafunsa bambo ake ndi mtima wonse, chifukwa kwa iwo linali lowongoka.

Akazi awo sanakalipe. Anawagwira dzanja mpaka kusitolo kuja. Mayi wa m'sitoloyo anapima magalasiwo pamakina, nadziluma mlomo kuti asaseke: lamanja linali kumanzere, lamanzere kumanja, onse otembenuka. Anatenthetsa felemu, nabwezera lililonse pamalo pake.

Atafika kunyumba, a Telala analiona diresilo mmene linalili, naonanso maso ofiira a mwana wawo. Zinawapweteka kwambiri.

"Ndakulakwira, mama," anauza mwanayo chapansipansi.

Nsalu yodulidwa simeranso, ndiye analinganiza mpendero ndi mbali yaifupi ija. Mkwatibwi amene ankalota diresi lokhweka mpaka pansi anakwatiwa akakolo ali pamtunda, koma ankauza aliyense monyadira kuti asoka ndi adadi ake. Mayi ake okha ndi amene sanawaleke amuna awo. Mpaka lero, bamboyo akangoti "zimenezo ndikuzidziwa," amamusisita paphewa n'kumukumbutsa kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.