Phungu Amene Anabzala Chinangwa Chozondotsa

Panali munthu wina, abale anga, mlimi wa chinangwa, dzina lake Zefaniya Kachiwaya. Chinangwa chake chimodzi ankanyamula amuna awiri, wachitatu akuwaimbira nyimbo kumbuyo. Akakupatsa moni wa m'manja, unkayamba wayang'ana ngati khungu lako lidakalipo.

Koma kuderako kunalibe msewu, ndipo chinangwa chinkawolera m'madengu. Anthu anati, "Uyu amadziwa kuwawa kwa msana. Akatinenere ku Nyumba ya Malamulo." Anamuvotera onse.

Anapita. Chaka choyamba anagula suti. Chachiwiri anamera mimba, mimba yoti inkalowa m'Nyumbamo Lolemba, mwini wake n'kufika Lachiwiri. Pa nkhani ya msewu anatsegula pakamwa kamodzi kokha, ndipo kunali kuyasamula.

Chisankho china chitayandikira, anamva mpando ukugwedera. Anabwera ndi galimoto, ojambula, ndi khasu latsopano, pepala la kusitolo lidakamatirira. Anasonkhanitsa mudzi wonse m'munda mwa mlamu wake, Nachisale.

"Anthu anga! Ine ndine mlimi mnzanu! M'mitsempha mwangamu mumayenda dothi!"

Anawerama, thalauza n'kuti pwee! Sanasamale. Anatenga timitengo ta chinangwa n'kuyamba kuzika, maso ali pa kamera, foni ili kukhutu. Mzere wonse mpaka kumapeto. Anaweramuka akupuma ngati ng'ombe ya pangolo, akudikira kuti amuwombere m'manja.



Nachisale anazula kamtengo kamodzi n'kukakweza. Timaso tophukira tinali titaloza pansi. Anazula kena: chimodzimodzi. Mzere wonse unali chozondotsa.

"Alamu, pepani, Olemekezeka," anatero. "Masamba alowe pansi, mizu iloze kumwamba? Kodi kutauniko chinangwa mumakumba ndi makwerero?"

Anthu anaseka mpaka ena kugudubuzika m'mizere. Tsiku lovota Zefaniya anapeza mavoti awiri, limodzi lodzivotera yekha, ndipo mkazi wake akulumbirabe kuti linalo silinali lake.

Lero ali kumunda, mimba inaphwa. Akamabzala, mlamu amaima pamalire n'kumakuwa, "Timaso kumwamba, Olemekezeka!"

Tsono iwe amene anzako akukweza, tchera khutu. Suti yako adzaipirira, mimba yako adzaiseka n'kuiwala. Koma ukataya chimene anakutumira, usabwere kudzachita sewero m'munda mwawo. Kamera ungainamize. Mlamu wako amazula n'kuona.