Mpini wa Bulashi ya Ligineti

Panali mayi wina, dzina lake Nadzimbiri, amene ankagwira ntchito yokwecha pansi pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi. Ntchitoyi anaigwira zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo anaigwira chogwada. M'mawa uliwonse ankatunga madzi m'ndowa, n'kuthiramo sopo ndi mankhwala, n'kumanga chitenje zolimba, n'kugwada pa simenti. Bulashi ili m'manja, ankayambira pakhomo la wodi mpaka kukafika kukhoma la kumapeto, akukwawa pansi pa bedi lililonse. Akamaliza, pansi ponse pankachita kuti mbee. Apa ndisamunamizire mayi ameneyu, ntchito yake ankaidziwa.

Koma mawondo ake mukanawaona, abale! Anali akuda bii, okhakhala ngati khungwa la mtengo, ndipo nyengo yozizira ankatupa. Podzuka ankayamba wagwira chitsulo cha bedi, mano ataluma. Kudandaula ayi, iye ankawanyadira. Wantchito watsopano akabwera, Nadzimbiri ankakweza chitenje pang'ono n'kumuonetsa, amvekere, "Ntchito ya pano ndi imeneyi." Ndipo poti ndiye anali mkulu wa onse osamala pamalopo, mawu ake ankamveka ku ofesi. Akangonena kuti uje ndi waulesi, munthuyo mwezi sunkatha ali pantchito.

Chaka china kunabwera mayi wachitsikana, dzina lake Ligineti. Anamulemba mongoyembekezera, kuti chaka chikatha, Nadzimbiri akamuyamikira, adzamulembe zenizeni. Ligineti anagwada monga anzake, osanyinyirika. Patapita miyezi ingapo anatenga pakati. Pabanja anali atakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kawiri konse anali atapita padera. Mimba iyi yokha ndi imene inagwira, ndipo pachipatala ponse ankadziwa zimenezi. Nadzimbiri nayenso ankadziwa.

Itakwana miyezi isanu ndi iwiri, namwino wa ku sikelo anamuyeza n'kupukusa mutu. Miyendo inali itatupa, magazi akuthamanga. Anamuuza mosabisa kuti asiye kugwada nthawi yaitali, chifukwa podzuka azigwidwa ndi chizungulire, ndipo akadzagwa mwana sadzapulumuka. Ligineti anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Kusiya ntchito kunali kuitaya, poti oifuna anali ambiri pachipata. Kupitiriza kugwada kunali kuika mwana pachiswe.

Mwamuna wake, Yelemiya, anali mmisiri wa matabwa. Atamva, sanachedwe. Anatenga mtengo wa bulugama wowongoka bwino, wotalika kufika pachifuwa, naupala mpaka kusalala. Kunsonga kwake anaikako timatabwa tiwiri topana bulashi uku ndi uku, n'kubowolapo polowetsa bawuti yomangira. Anaupendeketsa pang'ono mpiniwo kuti bulashi izilowa pansi pa bedi munthu ataimirira. Bulashi ikaperepeseka, umangomasula n'kuikapo ina. Palibe chozizwitsa, mpini basi, mlongo wake wa mpini wa khasu.

Lolemba Ligineti anabwera nawo kuntchito. Anayamba wakauonetsa kwa Nadzimbiri mwaulemu, nafotokoza zonse zimene namwino ananena. Nadzimbiri anangoti, "Ehe," n'kutembenuka. Tsiku limenelo Ligineti anakwecha wodi yonse ataimirira, iye ali pouma, bulashi ikupita patsogolo ponyowa. Anamaliza dzuwa lisanatenthe.

Lachiwiri Nadzimbiri anadikira kuti Ligineti atuluke. Analowa mu wodi muja yekha, nayendetsa chala m'makona ndi pansi pa mabedi, akufuna litsiro loti akamutsutse nalo. Chala chinatuluka choyera. Inu mukuganiza kuti anakondwa? Ayi ndithu. Anakumbukira mimba zake zisanu, mmene ankakwawira pa simenti yomweyo mpaka tsiku lochira. Panalibe amene anamusemera kamtengo. Panalibe ngakhale womufunsa kuti mayi, mwadzuka bwanji. Tsono lero kamtsikana kadzulodzuloli kabwere, kaime njo, kamalize mwamsanga, n'kupita kwawo mawondo ali osalala? Zinamuwawa, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti pansi panali poyera.

Lachitatu anamva amayi ena awiri, anzake a ntchito, akunong'onezana kuseri kwa thanki. Ankati nawonso akamupempha Yelemiya awasemere yawo. Atamuona anangoti zii.

Lachinayi kunali kobwera alendo ochokera ku boma, odzayendera chipatala. Nadzimbiri analawirira. Anapeza mpini uja utatsamira kuseri kwa chitseko cha wodi ya amayi. Anamasula bulashi n'kuiponya m'ndowa. Mpiniwo anakauika m'kachipinda kosungiramo ndowa ndi sopo, natseka ndi loko, kiyi n'kumumangirira pamfundo ya chitenje chake.

Ligineti atafika anafunafuna, kenako anabwera kwa iye akupukusa manja mwaulemu.

"Amayi, mwauonako mpini wanga? Ndinausiya kuseri kwa chitseko."

"Ndautsekera."

"Chonde amayi. Paja a nesi anati ndisamagwade."

"A nesiwo anayamba akwechapo? Lero kukubwera alendo. Ukufuna akupeze utaima ngati ukupalasa zinyalala pabwalo, aziti kuno tinalemba alesi? Pano timagwada, mwanawe. Ngati sukufuna, chipata si icho."

Ligineti anayang'ana chipata. Anayang'ana ndowa. Namwino wa ku sikelo uja anali kutali, akuthamangathamanga ndi zokonzekera alendo, komanso kukaneneza mkulu wako n'kudzichotsa wekha ntchito. Ananyamula ndowa n'kulowa mu wodi. Pakhomo anagwira khoma, natsika pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, dzanja lina litachirikiza mimba.

Mu wodimo munali mabedi khumi ndi awiri. Nadzimbiri anaima pakhonde akupukuta mawindo, koma maso ake onse anali mkati.

Pa bedi loyamba Ligineti anakwecha, nadzuka kuti asunthe ndowa. Anadzuka bwinobwino. Nadzimbiri anati mumtima, mwaona, manyado chabe.

Pa bedi lachitatu anadzuka atagwira chitsulo, naima kanthawi maso atatsinzina. Thukuta linali kamukamu pamphumi, chonsecho kunja kunali kozizira. Nadzimbiri anaona. Dzanja lake linapita lokha pamfundo ya chitenje, nakhudza kiyi uja. Anati mumtima, amalize mzere uwu wokha, aphunzire kuti pano pali akuluakulu, kenako ndimupatsa.

Pa bedi lachisanu mayi wina wodwala anadzutsa mutu, nayang'ana kuwindo kumene kunali Nadzimbiri. "Inu amayi, mwana uyu simukumuona? Milomo yachita kutuwa." Nadzimbiri anachita ngati sanamve. Kenako anaika pansi kansalu kopukutira, nayamba kuyenda kulowera ku kachipinda kaja. Anafika mpaka pakhomo pake, loko ali m'manja. Nthawi yomweyo kuchipata kunalira hutala ya galimoto. Anaganiza kuti ndi alendo aja. Akatsegula tsopano, anzake awiri aja amuona akutulutsa yekha chinthu chimene watsekera yekha, ndipo mawa aliyense abwera ndi wake. Anamusiya loko uja n'kubwerera. Galimotoyo sinali ya alendo n'komwe, inali yobweretsa nkhuni za kukhitchini.

Nadzimbiri atafikanso pawindo, Ligineti anali pa bedi lachisanu ndi chitatu. Anali atakwawira mkati mwenimweni, akubwerera chafutambuyo. Anatambasula dzanja kuti agwire chitsulo, naimirira. Anaima dzandidzandi. Dzanja lija linali ndi sopo, linapulumuka. Phazi linatsetsereka pamadzi, ndipo anagwa chafufumimba pamkombero wa ndowa, khu!

"Mayo ine! Mwana wanga!"

Wodi yonse inadzuka. Anamwino anathamanga, namunyamula, nalowa naye m'chipinda chochiriramo, chitseko n'kutsekedwa. Wina anakwera njinga kukaitana Yelemiya. Nadzimbiri anangoima pakhomo la wodi, manja ali lende. Pansi panali madzi a sopo atayenderera mpaka pansi pa mabedi, ndipo pakati pake panali pofiira.

Namwino wamkulu anadutsa mothamanga. "A Nadzimbiri, konzani apo msanga, wina angagwenso." Namwinoyo sankadziwa kalikonse.

Nadzimbiri anatola bulashi ija. Anati agwade, koma mawondo anakana kupindika. Anayesa kachiwiri, anakanika. Odwala onse anali akumuyang'ana. Tsono anamasula mfundo ya chitenje, napita ku kachipinda kaja, natsegula, natulutsa mpini uja. Anaipana bulashi pa timatabwa tija, namanga bawuti. Anabwerera mu wodi nayamba kukwecha ataimirira, khutu lili ku chitseko chotseka chija. Ankamva mapazi, ankamva zitsulo zikugundana, ankamva mawu a anamwino akulimbikitsa Ligineti. Mawu amene iye ankadikira sankamveka.

Ali mkati mokwecha, Yelemiya analowa ali wefuwefu, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Anamwino anamuletsa kulowa kumene kunali mkazi wake. Potembenuka anaona mpini wake uli m'manja mwa Nadzimbiri, ndipo anabwera nanjuta.

"Zikomo amayi. Akuti wagwa. Wagwa bwanji, poti ndinamupangira uwu kuti asamagwade?"

Nadzimbiri anangomupatsa mpiniwo.

Yelemiya anaulandira mpini uja ndi manja awiri. Anauzunguza, nayang'ana ngati wang'aluka. Anagwedeza timatabwa tija kuona ngati tamasuka.  "Kapena ndine ndinalakwitsa, amayi. Ndinaupanga mothamanga. Mwina ndinautalikitsa, wamukola m'miyendo. Ndiuzeni, ndine ndamugwetsa?"

Apa Nadzimbiri akanatha kungokhala chete. Bambo uja anali atadziweruza kale yekha, ndipo akanasenza mlanduwo moyo wake wonse. Koma mayiyo anayang'ana nkhope ya mmisiriyo, ndipo zinamukanika.

"Mpini wanu ulibe vuto, bambo. Sanagwe nawo. Unali wotsekeredwa, ndipo kiyi anali ndi ine."

Yelemiya anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanatukwane, sanakweze dzanja. Anangofunsa motsitsa mawu, "Unakulakwirani chiyani?"

Nthawi yomweyo chitseko chija chinatseguka. Namwino anatuluka pang'onopang'ono, akuvula magolovesi, maso ali pansi. Ligineti anali moyo. Mwana anali wamwamuna, ndipo sanalire.

Tsono inu amene mwakhala apa kundimvetsera, musathamangire kumulavulira Nadzimbiri, chifukwa ambiri a ife ndife abale ake. Sanali mfiti mayi uja. Anali munthu amene anavutika zenizeni, popanda womumvera chisoni, mpaka anayamba kuona ngati kuvutikako ndiye ntchitoyo. Ndikunena inu apongozi amene mumati mtengwa asinje pamtondo chigayo chili pafupi, chifukwa inunso munasinja. Ndikunena inu akapitawo, inu aphunzitsi, inu akulu a mpingo, amene mukaona wamng'ono wapeza njira yopepuka zimakuwawani, n'kumati mukuteteza mwambo. Mavuto anu anali enieni, ndipo ife tikukupepesani. Koma amene wabwera pambuyo panu si amene anakuvutitsani.

Lero lomwe, mukafika kwanu, fufuzani pamfundo ya chitenje chanu, fufuzani m'thumba la jekete. Ngati muli kiyi wa chinthu chimene chikanam'pepukitsira mnzanu katundu, katseguleni iye akadali chiimire. Nadzimbiri anatsegula ndithu, koma anatsegula kuti akakweche magazi.