Basela Wopanda Chiphaso

Pa msika wa Kamwendo panali bambo wina wogulitsa mtedza. Anayamba ndi mbale, n'kufika pa ndowa, kenaka pa matumba. Anthu ankamukonda chifukwa cha dzanja lake. Akakuyezera mbale, dzanjalo linkabwereranso m'thumba, n'kutapa pang'ono, n'kuthira pamwamba. "Basela uyo," ankatero. Anaphunzira kwa mayi ake, masiku aja malonda ankatha ndi kugwirana chanza, munthu akati ndibwera Lachinayi n'kubweradi Lachinayi.

Chaka china mwayi unamugwera. Kampani ina yakunja, yopanga chiponde, inafuna mtedza wake. Koma kumeneko kunalibe zogwirana chanza. Anamutumizira pangano lolemba: matumba mazana atatu a mtedza wosenda, wouma bwino, wopanda chuku, ufike pakhomo pawo Lachisanu lomaliza la Julaye asanaweruke. Ukachedwa, pangano latha, akagula kwa wina. Bamboyo anasaina. Anayenda m'maofesi mpaka nsapato kupendekeka. Uku chilolezo chotulutsira katundu m'dziko, uku chiphaso chakuti mtedzawo ulibe matenda, uku chidindo, uko chidindo china. Pepala lililonse linkanena chimodzimodzi: mtedza, matumba mazana atatu.

Tsiku lopakira mtima unamuvuta. Munthu wagula matumba mazana atatu, n'kumupatsa opanda basela? Mayi ake akanakhalapo akanamufunsa kuti analeredwa ndi ndani. Mtedza unali utatha, koma m'nkhokwe munali chimanga. Anasankha matumba asanu a choyera bwino. Ndipo popeza basela amabwera pomaliza, iye anawapakira poyamba, pansi penipeni, kutsogolo kwa lole, kuti wogulayo akawapeze atatsitsa zonse, akaseke.

Woyendetsa loleyo anali mlamu wake, a Mlongoti, amene popakira anali kogula mafuta. Lachitatu m'mawa iye ndi mwini mtedzayo anafika pachipata cha m'malire, n'kuima kumapeto kwa mzere wa malole. Akudikira, akudya chinangwa chootcha, wamalonda uja analephera kuugwira mtima.

"Alamu, anthu aja akandidziwa. Pansi apa pali basela, matumba asanu a chimanga."

A Mlongoti analeka kutafuna. "Alamu, mutu wanuwu ndi wokhazikapo chipewa basi? Chimanga chaka chino aletsa kutulutsa. Ngakhale akanalola, pa mapepala anuwa chili pati?"

"Koma ndi mphatso."

"Pachipata sawerenga mtima, amawerenga mapepala." Kenaka anatsitsa mawu. "Ingokhalani chete. Chili pansi, ndani achione? Tikati titsitse, tsiku latha. Lachisanu ndi mkuja, ndipo kutsidyaku msewu ndi wautali."

Wamalonda uja anaponya maso panja. Pambali pa msewu panali lole ina yophwa matayala, udzu utamera mozungulira, pansi pake nkhuku ikufungatira mazira. Iyo anaipeza ndi katundu wosalembedwa, anatero a Mlongoti, ndipo mwini wake analandidwa chilolezo. Koma chimene chinamulasa bamboyo si lole ija ayi. Anatulutsa mapepala ake n'kuona dzina lake pansi, lolemba ndi dzanja lake lomwe. Moyo wake wonse ankanyadira kuti mawu ake ndi mawu. Tsopano pepala linkati mtedza wokha, lole inkati mtedza ndi chimanga, ndipo wonamayo sanali pepala, sanali lole.

Anapukuta manja, n'kupita ku ofesi. Anapeza mayi wa yunifolomu amene ankaona katundu.

"Mayi, ndabwera kudzadzinenera ndekha. Ndili ndi chimanga pansi pa mtedza. Ndimati chikhale basela."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zopendekeka zija, kenaka anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bambo, basela alibe pasipoti. Mwachita bwino kunena musanapereke mapepala. Tsitsani, chimangacho chitsale mbali ino. Ndikanachipeza ndekha, nkhuku ija ikanapeza nyumba yachiwiri."

Ndiye ntchito inayambika. Kuti afike pa matumba asanu, anayenera kutsitsa mazana atatu. Anaitana azibambo a ganyu a pamalirepo. Dzuwa linaswa mtengo. Wamalonda uja anavula malaya n'kusenza nawo, thukuta kamukamu. A Mlongoti, thumba lili paphewa, ankangoti, "Basela wanu akulemera, alamu. Chaka chamawa mudzangowapatsa moni."

Chimanga chinatuluka dzuwa litapendeka. Bamboyo anachipereka kwa aganyu aja, ndipo iwo anachinyamula akuimba. Anapakiranso mtedza, thumba ndi thumba, mayi uja akuona. Koma pomaliza ofesi inali itatseka. Chidindo chinagwa Lachinayi m'mawa, ndipo mpiringidzo wa pachipata unakwera.

Anayenda osaima, kupatula pomwa madzi. Wamalonda uja maso anali pa dzuwa, ngati angalimange ndi chingwe. Lachisanu madzulo anafika pa kampani paja mlonda atatseka kale chitseko chimodzi cha geti, dzanja lili pa chinacho.

Mkulu wogula katundu anatuluka pangano lili m'manja. Anawerenga matumba, anabaya ena n'kuswa mtedza ndi mano, anaununkhiza. Kenaka anati, "Mazana atatu ndendende. Ena amandibweretsera zoperewera, ena zosakaniza, ena amabwera ndi nkhani m'malo mwa katundu. Inu mwabweretsa zimene tinalemba. Chaka chamawa mubwerenso."

Chimwemwe chitamugwira, dzanja la bamboyo linayamba lokha ulendo wake wakale, kufufuza m'thumba la jekete choti athire pamwamba. A Mlongoti analigwira pamkono.

"Alamu, dzanjalo lipume mpaka tikafike kwathu."

Abale anga, tonsefe tinasaina pangano. Tsiku la ubatizo tinaima pamaso pa mpingo n'kunena zimene tidzanyamule. Ena tinalonjeza paukwati, ena polandira udindo. Mawuwo anali ochepa ndi omveka. Koma poyenda timapakira zina pansi, ndipo sitizitcha tchimo ayi. Timazipatsa maina okoma. Kabodza kakang'ono timati n'kuteteza banja. Kukondera timati n'chifundo. Kudutsira kumbali kwa lamulo timati n'kuthandiza m'bale. Wina akatifunsa timati, "Koma cholinga changa chinali chabwino." Chimanga chija chinalinso chabwino, choyera, chosankha, choperekedwa ndi mtima wonse. Koma chikanaimitsa lole yonse.

Kupatsa n'kwabwino, musaleke. Pa msika thirani basela mpaka atayikire. Koma Mulungu sanatipemphe kuti timudabwitse ndi zowonjezera zobisa. Akufuna kuti zimene pakamwa panalonjeza ndi zimene mtima wanyamula zikhale chimodzimodzi.

Tsono ngati pansi pa lole yanu pali thumba losalembedwa, musadikire kuti alipeze. Pitani mukanene nokha mudakali mbali ino. Kutsitsa kumapweteka msana, alamu adzakusekani, tsiku lidzapita. Koma chipata chimatsegukira munthu amene katundu wake akufanana ndi mawu ake.